Yunivesite ya Alabama Yakula ndi Kutchuka: Koma Kodi Tsopano ndi ya Yani?

M'chaka cha 2024 akuluakulu a Yunivesite ya Alabama, imene ili mu mzinda wa Tuscaloosa kummwera kwa dziko la Amereka, analengeza kuti chiwerengero cha ophunzira awo chapitirira 40,000, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambire sukuluyo. M'chaka cha 2025 chiwerengerocho chinakweranso kupitirira 42,000. Amene akumbukira kuti m'chaka cha 2003 ophunzira a pamenepo anali pafupifupi 20,000 okha adzaona kuti sukuluyo yakula kowirikiza kawiri pa zaka zongopitirira pang'ono makumi awiri, chikhalirecho chiwerengero cha anthu a m'chigawo cha Alabama sichinakule motero ayi.

Nkhani imeneyi njoyenera kuti aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma aiganizire bwino, pakuti mkati mwake muli funso limene limavuta maboma ambiri: sukulu imene inamangidwa ndi chuma cha anthu a dera lina, kuti iphunzitse ana a dera lomwelo, ikayamba kudzifunira yokha ndalama zoyendetsera ntchito zake, kodi imakhalabe ya eni ake aja?

MBIRI YAKALE

Dziko la Amereka lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi Bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndiponso masukulu ake. M'zigawo zambiri muli yunivesite imodzi ya Boma imene anthu amaiyesa mutu wa masukulu onse a m'chigawomo, kumene kumachokera maloya, oweruza milandu, aphungu ndi akuluakulu a ntchito zosiyanasiyana. Ku Alabama sukulu yotere ndiyo ya ku Tuscaloosa. Inatsegulidwa m'chaka cha 1831, pa nthawi imene mzindawo unali likulu la chigawo, ndipo mwa anthu amene anagwira ntchito pomanga ndi kusamala nyumba zake zoyamba munali akapolo. Aphunzitsi a pasukulupo anapepesa poyera chifukwa cha mbiri imeneyi m'chaka cha 2004.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera, sukuluyo inali kuphunzitsa anyamata zausilikali, motero pa 4 Epulo 1865 asilikali a kumpoto anaitentha, nizitsala nyumba zowerengeka zokha. Inatsegulidwanso m'chaka cha 1871, ndipo akazi anayamba kuphunzirapo m'chaka cha 1893. Koma munthu wakuda sanali kuloledwa kulowamo monga wophunzira, ngakhale kuti anthu akuda anali gawo lalikulu la nzika za Alabama ndipo anali kukhoma msonkho monga anzawo.

KHOMO LIMENE LINATSEKEDWA

Woyamba kulowa pakhomolo anali mtsikana wina, Autherine Lucy, amene atapambana mlandu ku bwalo la milandu la Boma lalikulu analowa m'kalasi pa 3 Febuluwale 1956. Patangopita masiku atatu gulu la Azungu okwiya linazinga nyumba imene iye anali kuphunziramo, niligenda galimoto imene inamunyamula. Bungwe loyang'anira yunivesite linamuimitsa sukulu ponena kuti lifuna kumuteteza, ndipo posakhalitsa linamuchotseratu.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri kunachitika chinthu chimene chinamveketsa dzina la sukuluyo pa dziko lonse lapansi. Bwanamkubwa George Wallace, amene nayenso anaphunzira za malamulo pasukulu pomwepo, anali atalonjeza anthu omusankha kuti tsankho silidzatha ku Alabama. Pa 11 Juni 1963 iye anaima pakhomo la nyumba yotchedwa Foster Auditorium kuti atsekereze ophunzira awiri akuda, Vivian Malone ndi James Hood, amene anadza kudzalembetsa maina awo. Nthumwi ya Boma la ku Washington, Bwana Nicholas Katzenbach, inamupempha kuti apatuke, koma iye anakana. Pamenepo Pulezidenti Kennedy anaika asilikali a chigawo cha Alabama pansi pa ulamuliro wa Boma lalikulu, ndipo madzulo a tsiku lomwelo Bwanamkubwayo anachoka pakhomopo, ophunzira aja nalowa. Vivian Malone analandira digiri yake m'chaka cha 1965, nakhala munthu wakuda woyamba kutsiriza maphunziro pasukulupo.

Chithunzi cha Bwanamkubwa ataima pakhomo chinakhala m'maganizo a anthu zaka zambiri. Kwa makolo a ku New York kapena ku Chicago, dzina la Alabama linali kutanthauza tsankho, umphawi ndi mpira, ndipo oganiza zotumiza mwana wawo kumeneko anali ochepa ndithu. Tsono pofuna kumvetsa kukula kwa sukuluyo m'zaka zino, nkofunika kukumbukira kuti inayambira pa mbiri yoipa chotere.

MAGANIZO A DR. WITT

Kusintha kunayamba m'chaka cha 2003, pamene Dr. Robert Witt anasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesiteyo. Iyeyu anachokera ku Texas, kumene anali mphunzitsi wa zamalonda, makamaka za njira zokopera ogula, asanakhale mkulu wa Yunivesite ya Texas ya mu mzinda wa Arlington. Atafika ku Tuscaloosa anapeza kuti ndalama zochokera ku nyumba ya malamulo ya chigawo sizinali zodalirika, pakuti ku Alabama chuma cha maphunziro chimachokera makamaka ku msonkho wa malipiro ndi msonkho wa pa katundu wogulidwa, ndipo misonkho iwiri imeneyi imatsika msanga malonda akangovuta. Anapezanso kuti ana otsiriza sukulu za sekondale m'chigawomo sanali kuchuluka chaka ndi chaka.

Dr. Witt anaona kuti njira inali imodzi: kukula, ndi kukafuna ophunzira kunja kwa chigawo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. M'mayunivesite a Boma a ku Amereka, mwana wa m'chigawo amalipira fizi yochepa popeza makolo ake amakhoma msonkho komweko, pamene mwana wochokera ku chigawo china amalipira yambiri. Ku Tuscaloosa mlendo amalipira pafupifupi katatu kuposa mwini dera: m'chaka cha 2023 mwana wa ku Alabama anali kulipira madola ongopitirira 11,000 pa chaka, pamene mnzake wa kunja anali kulipira madola oposa 30,000, osawerengera za chakudya ndi malo ogona. Chotero mlendo mmodzi amabweretsa ndalama zimene ana atatu a m'deramo akadabweretsa.

Mkuluyo analengeza kuti pofika chaka cha 2013 afuna kuona ophunzira 28,000. Ambiri anayesa kuti ndi maloto chabe, koma chiwerengerocho chinakwanira m'chaka cha 2009, zaka zinayi nthawi isanakwane. Pamene iye anasiya udindowo m'chaka cha 2012 kuti akayang'anire mayunivesite onse atatu a pansi pa bungwe limodzi, ndiwo a ku Tuscaloosa, Birmingham ndi Huntsville, ophunzira anali atapitirira 31,000.

Nzeru yake inaoneka bwino m'chaka cha 2008, pamene chuma cha Amereka chinagwa. Zigawo zambiri zinachepetsa ndalama zopereka ku mayunivesite, ndipo Alabama inali imodzi mwa zigawo zimene zinadula kwambiri. Masukulu ena analeka kulemba aphunzitsi atsopano ndi kuimitsa zomangamanga, koma ku Tuscaloosa ntchito inapitirira, pakuti fizi ya alendo inatseka dzenje limene Boma linasiya.

NJIRA ZITATU

Njira yoyamba inali yotumiza antchito kukakhala m'mizinda ikuluikulu ya zigawo zina, monga Texas, Georgia, Florida, Illinois, California ndi New York. Antchito amenewa sanali odzacheza tsiku limodzi ayi, koma okhala komweko, oyendera masukulu a sekondale, odziwana ndi aphunzitsi opereka uphungu kwa ana, ndi ochezera makolo. Mwana akaonetsa chidwi anali kuitanidwa kudzaona sukulu, nalandiridwa monga mlendo wolemekezeka, nakumana ndi aphunzitsi a maphunziro amene iye afuna.

Njira yachiwiri inali yopereka chithandizo cha fizi kwa ana okhoza bwino mayeso, posayang'ana ngati makolo awo ali olemera kapena osauka. Kwa zaka zingapo mwana wa kunja amene anapeza mapointi 32 kapena kuposerapo pa mayeso otchedwa ACT, amene mapointi ake onse ndi 36, nakhalanso ndi mbiri yabwino ya m'kalasi, anali kuphunzira zaka zinayi osalipira fizi konse. Panakhazikitsidwanso koleji yapadera ya ana anzeru, Honors College, kumene makalasi ndi aang'ono ndipo wophunzira amayandikana ndi mphunzitsi wake. Cholinga chake chinali chakuti ana otere akweze mbiri ya sukulu, ndipo akabwerera kwawo pa tchuthi akauze anzawo ndi abale awo, amene ambiri a iwo adzadza nalipira fizi yonse. Pofika chaka cha 2023 sukuluyo inali ndi ophunzira oposa 1,000 a m'gulu la National Merit Scholars, ndiwo ana opambana pa mpikisano wa mayeso wa dziko lonse, chiwerengero chimene masukulu owerengeka okha a ku Amereka amachifika.

Njira yachitatu inali yomanga. Panamangidwa nyumba zogona zimene wophunzira aliyense ali ndi chipinda chakechake, nyumba za maphunziro a sayansi ndi zomangamanga, malo odyera ndi malo a masewera olimbitsa thupi. M'chaka cha 2010 yunivesite inagula malo a chipatala chakale cha odwala misala cha Bryce, chimene chinali moyandikana nayo, kuti ipeze pofutukukira. Zambiri mwa nyumba zimenezi zinamangidwa ndi ndalama zangongole, zimene zibwezedwa ndi fizi ya ophunzira a mtsogolo. Ngakhale mphepo yamkuntho imene inasakaza mzinda wa Tuscaloosa pa 27 Epulo 2011, nipha anthu ambiri pamodzi ndi ophunzira asanu ndi mmodzi a pasukulupo, sinabweze ntchitoyo m'mbuyo.

MPIRA NDIWO UNALI NG'OMA

Komatu zonsezi sizikadamveka kutali pakadapanda mpira. Mpira wa Chimereka si wa miyendo ayi: ndi wonyamula m'manja ndi kugwetsana, ndipo kummwera kwa Amereka anthu amaukonda koposa, kotero kuti timu ya yunivesite imakhala ngati mbendera ya chigawo chonse. Bwalo la masewera la pasukulupo, Bryant-Denny Stadium, limalowa anthu oposa 100,000, ndiko kunena kuti pafupifupi anthu onse a mu mzinda wa Tuscaloosa angathe kukhalamo nthawi imodzi.

Timu ya sukuluyo, yotchedwa Crimson Tide, inali yotchuka kale pansi pa mphunzitsi Paul Bryant, amene pakati pa 1958 ndi 1982 anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi. Mu nthawi yake ndimo osewera akuda anayamba kuvala malaya a timuyo, m'chaka cha 1971. Koma pofika zaka zoyambirira za m'ma 2000 timuyo inali itafooka. M'mwezi wa Januwale 2007 yunivesite inalemba ntchito Bwana Nick Saban pa malipiro a madola 32 miliyoni pa zaka zisanu ndi zitatu. Anthu ambiri anadandaula, nafunsa ngati nkoyenera kuti mphunzitsi wa mpira alandire chuma chotere m'chigawo chimene aphunzitsi a m'makalasi amalandira zochepa.

Bwana Saban anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi: m'zaka za 2009, 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020. Pafupifupi Loweruka lililonse la nyengo ya mpira, anthu mamiliyoni anali kuona sukuluyo pa wailesi ya kanema, ndi kapinga wake, nyumba zake za njerwa zofiira ndi ophunzira ake akusangalala. Kulengeza malonda kotere palibe sukulu imene ikadatha kukugula ndi ndalama. Dr. Witt mwini wake ananena poyera m'chaka cha 2013 kuti pa ndalama zonse zimene yunivesite inaonongapo, zimene zinabala phindu loposa ndi zimene inalipira Bwana Saban.

Pali ena amene amati mpira wokha ndiwo unakweza sukuluyo, koma zaka zikutsutsa maganizo amenewa. Kukula kunayamba zaka zinayi Bwana Saban asanafike, ndipo iye atapuma pa ntchito m'mwezi wa Januwale 2024 chiwerengero cha ophunzira chinakwerabe. Mpira unali ng'oma yoitanira anthu. Koma ng'oma ikaitana, pamafunika kuti odzawo apeze mphasa yoyalidwa kale, ndipo mphasayo inayalidwa ndi antchito aja, ndi chithandizo cha fizi, ndi nyumba zatsopano.

M'chaka cha 2021 kunaonjezeka ng'oma ina. Pasukulupo pali mabungwe a atsikana ndi a anyamata okhala ndi nyumba zawozawo zazikulu, ndipo m'mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse atsikana atsopano oposa 2,000 amapikisana kuti alandiridwe m'mabungwewo. Chaka chimenecho atsikanawo anayamba kuonetsa zovala zawo ndi zochitika za sabata imeneyo pa TikTok, ndipo anthu mamiliyoni a m'maiko ambiri anazitsata pansi pa dzina lakuti Bama Rush. Kunena zoona, Alabama siili yokha m'zimenezi: mayunivesite a Boma a ku Tennessee, Mississippi ndi South Carolina nawonso akhala akulandira ana ambiri a kumpoto, okopeka ndi nyengo yofunda, fizi yotsikirapo poyerekeza ndi ya masukulu a kwawo amene si a Boma, ndi moyo wachisangalalo wa pasukulu. Koma Alabama ndiyo inayamba msanga ndi kulimbikira koposa.

KUTCHUKA NDI ULEMU

Kodi kutchuka kumeneku kwabweretsa ulemu wa maphunziro? Yankho lili pawiri. M'mwezi wa Disembala 2018 bungwe la Carnegie, limene limaika mayunivesite a ku Amereka m'magulu, linakweza sukuluyo kulowa m'gulu loyamba la mayunivesite ochita kafukufuku wambiri. Sukulu yake ya malamulo imawerengedwa pakati pa zabwino za mayunivesite a Boma, ndipo ana olowa chaka choyamba amadza ndi mapointi apamwamba kuposa a m'chaka cha 2003.

Koma pa mndandanda wotchuka wa magazini ya U.S. News & World Report zinthu zinayenda mwina. Cha m'ma 2012 sukuluyo inali pakati pa nambala 70 ndi 80 mwa mayunivesite a dziko lonse, koma pa mndandanda wotuluka m'chaka cha 2023 inali pa nambala 170. Chimodzi mwa zifukwa zake nchakuti olemba mndandandawo anasintha miyeso yawo, nayamba kuyang'ana kwambiri ngati sukulu ikuthandiza ana a mabanja osauka kulowa ndi kutsiriza maphunziro. Mindandanda yotere siyenera kukhulupiriridwa monga ngati ndi chiweruzo cha bwalo, pakuti miyeso yake imasinthasintha. Komabe kutsikaku kunaloza pa chilonda chenicheni.

MLENDO NDI MWINI MUDZI

Chilondacho ndi ichi. Pamene Dr. Witt anafika, pafupifupi atatu mwa ophunzira anayi alionse anali ana a ku Alabama. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2010 alendo anali ataposa eni dera, ndipo mwa olowa chaka choyamba, oposa 6 mwa 10 alionse anali ochokera kunja kwa chigawo. Sukulu yotchedwa ndi dzina la Alabama inakhala sukulu imene ana a Alabama ali ochepa.

M'chaka cha 2019 akatswiri a za maphunziro, mwa iwo Ozan Jaquette ndi Karina Salazar, anatulutsa kafukufuku wa maulendo amene mayunivesite a Boma amayenda pofuna ophunzira. Anapeza kuti m'chaka cha 2017 antchito a Yunivesite ya Alabama anayenda maulendo oposa 4,000, koma osakwana 400 ndiwo anali a m'kati mwa Alabama, ndipo a kunjawo analunjika makamaka ku masukulu a m'madera a anthu olemera, kumene Azungu ndiwo ambiri. Chikhalirecho kummwera kwa Tuscaloosa, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, kuli maboma a Greene ndi Hale, a m'dera lotchedwa Black Belt chifukwa cha dothi lake lakuda, kumene kale kunali minda ya thonje ya akapolo ndipo lero kuli ena mwa anthu osaukitsitsa a ku Amereka, ambiri a iwo akuda.

Anthu akuda ndi oposa mmodzi mwa anayi alionse a nzika za Alabama, koma pa yunivesiteyo ndi ongopitirira pang'ono mmodzi mwa khumi. Palibe Bwanamkubwa woima pakhomo lero, ndipo palibe lamulo loletsa munthu chifukwa cha khungu lake. Koma chithandizo choperekedwa potsata mapointi a mayeso chimagwera kawirikawiri ana ochokera ku masukulu abwino ndi mabanja opeza, amene akadatha kulipira okha, pamene mwana wa ku Greene, amene sukulu yake ilibe aphunzitsi okwanira a masamu ndi sayansi, amaona fizi, chakudya ndi malo ogona zikumukulira. Ndiponso zotsalira za tsankho sizinathe msanga: m'mwezi wa Sepitembala 2013, zaka 50 chichokere Bwanamkubwa Wallace pakhomo paja, nyuzipepala ya ophunzira, The Crimson White, inaulula kuti mabungwe a atsikana achizungu anali kukanabe atsikana akuda. Mkulu wa yunivesite pa nthawiyo, Dr. Judy Bonner, amene anali mkazi woyamba pa udindowo, analamula kuti mabungwewo atsegulenso makomo awo, ndipo atsikana akuda angapo analandiridwa.

Akuluakulu a sukuluyo ali ndi mayankho awo, ndipo si opanda pake. Iwo amati mlendo sanalande malo a mwini dera, pakuti malowo anachita kuonjezedwa. Amati ndalama za alendo ndizo zinathandiza kuti fizi ya ana a ku Alabama isakwezedwe kwa zaka zingapo zotsatana. Amatinso mzinda wa Tuscaloosa wapindula ndi malonda, nyumba za lendi ndi ntchito. Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona kuti mwana wa ku Alabama amene akhala m'kalasi limodzi ndi anzake a ku California ndi Illinois amaphunzira zimene sakadaziphunzira ali yekha.

Koma akale omwewo anatinso mlendo ndi mame. Ambiri mwa ophunzira a kunja akalandira digiri amabwerera kwawo kapena kupita ku Atlanta, Nashville ndi Dallas, ndipo otsala kudzagwira ntchito ku Alabama ndi ochepa, ngakhale kuti m'chigawomo muli mafakitale ofuna anthu ophunzira, monga ya galimoto za Mercedes-Benz ku Vance, pafupi ndi Tuscaloosa, imene inayamba kutulutsa galimoto m'chaka cha 1997. Chigawo chimene chikusowa aphunzitsi, anamwino ndi mainjiniya chikuphunzitsa ana a eni ake, amene mawa lake adzakhoma msonkho kwina.

ANZAWO ANATSATA NJIRA ZINA

Nkoyenera kudziwa kuti njira ya Alabama sinali yokhayo. Ku North Carolina kuli lamulo, lochokera m'chaka cha 1986, lakuti pa yunivesite yaikulu ya ku Chapel Hill alendo asapitirire 18 mwa 100 alionse olowa chaka choyamba, ndipo sukuluyo ili ndi ulemu waukulu m'dziko lonse. Ku Georgia, Bwanamkubwa Zell Miller anayambitsa m'chaka cha 1993 chithandizo chotchedwa HOPE, cholipiridwa ndi ndalama za lotale ya Boma, chimene chimathandiza mwana aliyense wa m'chigawomo wokhoza bwino. Zotsatira zake nzakuti ana anzeru a ku Georgia analeka kuthawira kunja, ndipo yunivesite ya ku Athens inakwera ndi ana a kwawo omwe. Ku Florida nyumba ya malamulo inaika ndalama zapadera zokwezera mayunivesite ake akuluakulu, ndipo m'chaka cha 2021 yunivesite ya ku Gainesville inafika pa nambala 5 mwa mayunivesite a Boma pa mndandanda uja wa U.S. News.

Kusiyana kwake kuli poyera. Zigawo zimenezi zili ndi anthu ambiri ndi chuma chambiri kuposa Alabama, ndipo maboma ake anavomera kusenza gawo lalikulu la katunduyo. Ku Alabama nyumba ya malamulo inachepetsa thandizo lake, niisiya sukulu kuti idzifunire yokha. Tsono amene afuna kudzudzula akuluakulu a ku Tuscaloosa chifukwa chothamangira ana a anthu olemera a kutali ayenera kuyamba wafunsa aphungu a ku Montgomery, likulu la chigawocho, chifukwa chimene anabwezera dzanja lawo. Walira mvula walira matope: boma limene liuza sukulu yake kuti idzidyetse yokha lisadabwe poiona ikupita kumene kuli chakudya.

ZA MTSOGOLO

Patsogolo pali mayeso awiri. Oyamba ndi a chiwerengero cha ana. M'chaka cha 2007 ku Amereka kunabadwa ana oposa 4.3 miliyoni, koma kuyambira pamenepo obadwa akhala akuchepa, kufikira pafupifupi 3.6 miliyoni m'chaka cha 2023. Motero m'zaka zikudzazi otsiriza sekondale adzayamba kuchepa, makamaka m'zigawo za kumpoto kumene Alabama imakafuna ophunzira, ndipo masukulu ambiri amene anatengera nzeru ya Dr. Witt adzalimbirana ana omwewo. Sukulu imene inamanga nyumba ndi ngongole iyenera kudzaza nyumbazo chaka chilichonse. Katundu ameneyu ali pa mapewa a Dr. Peter Mohler, amene analandira udindo wa mkulu wa yunivesite m'chaka cha 2025 kuchokera kwa Dr. Stuart Bell.

Mayeso achiwiri ndi a chikumbumtima. Sukuluyo yayesetsa kuyanjana ndi mbiri yake. Chilango cha Autherine Lucy chinafafanizidwa m'chaka cha 1988, ndipo iye anabwerera nalandira digiri yachiwiri ya zauphunzitsi m'chaka cha 1992. James Hood, amene anachoka atangophunzira miyezi iwiri, anabweranso nalandira digiri ya udokotala wa maphunziro m'chaka cha 1997. Bwalo la patsogolo pa Foster Auditorium linatchedwa ndi maina a Malone ndi Hood m'chaka cha 2010. M'mwezi wa Febuluwale 2022 nyumba yophunzitsiramo aphunzitsi, imene inali ndi dzina la Bibb Graves, Bwanamkubwa wakale amene anali wa gulu la Ku Klux Klan, inatchedwa Autherine Lucy Hall. Mayiyo anaona mwambowo ndi maso ake, namwalira pa 2 Malichi chaka chomwecho ali ndi zaka 92. Koma m'chaka cha 2024 nyumba ya malamulo ya Alabama inakhazikitsa lamulo loletsa maofesi oona za kusiyana kwa mitundu m'masukulu a Boma, ndipo ofesi yotere ya ku Tuscaloosa inatsekedwa.

Maina a pa nyumba ndi chinthu chabwino, pakuti amaphunzitsa ana zimene zinachitika. Koma chimene Autherine Lucy anafuna m'chaka cha 1956 sichinali dzina pa khoma ayi. Anafuna mpando m'kalasi. Yunivesite ya Alabama yaonetsa kuti ingathe kuitana mwana wa ku Chicago kuti ayende ulendo wa mamailosi mazanamazana kudzaphunzira ku Tuscaloosa, ndipo imeneyi si ntchito yaing'ono. Chimene chatsala nkuonetsa kuti ingathenso kufika kwa mwana wa ku Greene ndi wa ku Hale, amene makolo ake akhala akukhoma msonkho wa sukuluyo mibadwo yonseyi, ndipo kwawo nkosakwana ola limodzi kuchokera pakhomo paja.